Ulendo wa ku Blantyre ndi aNachisale

Lolemba
Ndatsimikiza. Loweruka ndiwatenga aNachisale pa sitima kukaona Blantyre, kupita m'mawa kubwera madzulo. Patha chaka ndikuwafunsira, yankho ndi lomwelo: "Atelala, inu dziko lanu limathera pakhonde la shopu." Mwini boti la injini uja, amenenso akuwafuna, anawazungulitsa kale panyanja. Zokaona ndi ziwiri: tchalitchi chakale cha njerwa ndi nyumba yosanja ya ku Mandala. Ndimazidziwa bwino, zili pa kalendala yanga. Ndawauza kuti ndinakulira komweko. Sitima sindinakwerepo.

Lachiwiri
Achimwene awo akuti mkazi wamasiye sangayende ndi mwamuna awiriwiri. Tipita ndi azakhali awo. Azakhaliwo amaopa chilichonse choyenda popanda ng'ombe kutsogolo.

Lachitatu
Kuyeserera. Benchi pakhonde, azakhali akhalapo, ine kumbuyo ndikuligwedeza uku ndikulira ngati sitima. Asanza. Akuti ndichepetse liwiro, pali ana panjira. Kasitomala amene amadikira thalauza lake watenga nsalu yake n'kumapita.

Lachinayi
Senga Bay yense wamva. Zomwe anthu abweretsa kuti tikapatse abale awo ku Blantyre: dengu la usipa, mphasa, tambala, chitseko. Mwini chitseko sadziwa komwe mwana wake amakhala. "Ndi wamtali, mukamuona." Tambalayo ndi wakuda ngati wa chipani, ndiye palibe angayerekeze kumukana. Apampando a chipani akuti tsitsi langa likukhudza kolala, ndikachititsa manyazi nthambi yathu. Ndameta mpala.

Lachisanu
Aphunzitsi akuti sitima ya ku Blantyre imafika kutada, zobwerako tsiku lomwelo kulibe. Ndawayankha kuti masiku anga sizinali choncho. ANachisale asita kale diresi.

Loweruka
Lole ya nsomba yatitula pa siteshoni ya Salima. Anthu akulimbirana mabogi akutsogolo. Ine wodziwa zinthu ndapeza bogi ya kumapeto, yopanda munthu, chitseko chalowa bwinobwino. Sitima ikulira. "Gwiritsitsani," ndikutero. Sitima ikupita. Ife sitikupita. Ndasuzumira pansi: m'mawilo mwamera udzu.

Azakhali sanaone kanthu. Afunda chitenje kumutu, akupemphera, kenaka mkonono. ANachisale akuyang'ana pawindo mbuzi ikudya katoni.

"Tafika pati, atelala?"

"Chipoka," ndikutero.

Sakuseka. Patapita nthawi afunsanso, ndikuti Balaka. Mbuzi ndi yomwe ija. Atulutsa mbatata yootcha, andigawira, akuti ndiwafotokozere za tchalitchi. Ndikufotokoza nsanja zake, mazenera ake. Afunsa za kuseri kwake. Kalendala sionetsa kuseri. Ndaikako mtengo wa mango.

Dzuwa litapendeka azakhali adzuka, atsika, aunguza uku ndi uku. "Blantyre yake yomweyi? Ngati Salima. Kungoti anthu ake ngamwano." Ndawalozera thanki ya madzi kuti ndiye nyumba yosanja. Agwada pang'ono.

Lamulungu
Azakhali aimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu potiyendetsa bwino. Mwini chitseko auzidwa kuti mwana wake walandira, wanenepa. Chitsekocho chili m'bogi. Tambala ali kwanga, sindikudziwa kuti nditani naye. Amayi a mvano avomerezana kuti mwezi wamawa ndiwatsogolere onse, poti njira ndikuidziwa.

Potuluka ndawafunsa aNachisale za nkhani yathu ija. Akonza duku, akuyang'ana kumbali.

"Yankho ndikakupatsirani kuseri kwa tchalitchi chija, atelala. Pansi pa mango."

Mawa shopu sinditsegula. Ndipita ku Salima ndekha, ndikafunse mwakachetechete kuti bogi yoyenda amaidziwa bwanji.