Batire Linatithera pa Chitunda cha ku Chilomoni

Mlamu wanga Sitela mpaka lero salola kuti vidiyo ya ukwati wake ionetsedwe ine ndili pomwepo. Sindimuimba mlandu. Ndikanakhala ine, ndikanaitaya m'chimbudzi.

Zonsezi zinayamba chifukwa chotopa ndi kukwera mtengo kwa mafuta. Nditamva kuti kunja kuli galimoto zoyendera magetsi okha, mtima unadumpha. Mnzanga wina woitanitsa magalimoto akale ochokera ku Japan anandionetsa ziwiri pa foni. Ina inali yotuwa, yosapatsa chidwi, koma batire lake linali la mtundu watsopano, lopirira kutentha. Inayo inali yoyera mbee, yonyezimira, yotsika mtengo, koma batire lake lokalamba.

"Achimwene, galimoto zimenezi mumagula batire, osati penti," anandichenjeza.

"Batire ndi batire," ndinayankha. "Likafooka tikathiramo asidi ku Chirimba." (Batire limene ine ndinkalidziwa ndi lija tinkaonera TV kwathu ku Machinjiri, lonyamula pa njinga pokatchajitsa.)

Ndinasankha yoyerayo. Itafika, anthu a m'dera lathu ankaima kuiyang'ana ikudutsa mwakachetechete, ine ndili ndwii pachiwongolero ngati nduna. Ndinkaona ndithu kuti timizere tosonyeza mphamvu ya batire tikutha msanga, koma poti ulendo wanga unali wa kuntchito ndi kubwerera basi, ndinangozinyalanyaza.

Ndiye kunabwera ukwati wa Sitela, mng'ono wa mkazi wanga. Komiti ya ukwati sinavutike kusankha: mkwatibwi akwera yoyera ya akamwini. Apongozi anga aamuna, munthu wa ku Nsanje wosachulutsa mawu, anandikokera pambali.

"Bambo mfumu a ku Chilomoni amadalitsa maukwati angapo pa Misa imodzi, ndipo sadikira munthu. Wochedwa amauzidwa kuti adzabwere ulendo wina. Mwamva?"

Ndinamva. Abale anali atabwera kale kuchokera kumudzi, mbuzi zitaphedwa.

Tsikulo ndinadzuka batire lili lodzaza. Koma mukudziwa, tsiku la ukwati mwini galimoto sakana kutumidwa. Ndinakatenga keke m'tauni, ndinakasiya atsikana operekeza ku saluni ku Ndirande, ndinabwereranso kukatenga nsapato imene wina anaiwala. Dzuwa linali la Okutobala. Pomwe Sitela ndi azakhali ake amakwera, timizere tija tinali titatsala pang'ono, ndipo azakhaliwo analamula kuti ndiyatse choziziritsa mpweya kuopa kuti zodzola za mkwatibwi zingasungunuke.

Tinadutsa Chirimba bwinobwino. Titangoyamba chitunda cha ku Chilomoni, kutsogolo kwa chiwongolero kunayaka kachithunzi ka kamba. Kamba weniweni, wa miyendo inayi. Ndinali ndisanamuonepo. Ndinaponda, galimoto osathamanga. Mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni anatipitirira. Kenaka tinaima.

Poti galimotoyo sinkalira ndi kale lomwe, palibe anadziwa kuti yafa, kupatula ine. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi.

"Alamu, taimiranji?" anafunsa Sitela.

"Ndikupereka mpata kwa oyenda pansi."

Mumsewu munalibe munthu wowoloka.

Anthu a ku Chilomoni ngachifundo. Ataona maliboni ndi velo, amuna anathamanga kudzakankha.

"Biggie, ikani mu giya tu, tikafika apo musiye kilatchi."

"Ilibe kilatchi."

"Ndi otomatiki? Ndiye mwina mafuta atha."

Wina anabwera ndi chigubu cha petulo, nazungulira galimoto yonse kufuna pothira. Wina anatsegula boneti, n'kuyang'anamo nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana mwachisoni. "Bwana, injini anakuberani."

Mutu unangoima. Belu la kutchalitchi linayamba kulira pamwamba pa phiri, ndipo Sitela naye anayamba kulira.

Azakhali aja ndiwo anatipulumutsa. Anatsika, naima pakati pa msewu atatambasula manja, minibasi n'kuima. Mkwatibwi anakwera atakwinya diresi m'manja, nakhala pakati pa bambo wonyamula nkhuku ndi mayi wa dengu la tomato. Kondakitala sanasinthe lamulo: "Akwati, tasunthani pang'ono, timakhala anayianayi." Wojambula vidiyo, amene ankatitsatira pambuyo pa njinga yamoto, sanaphonye kalikonse.

Ndinamva pambuyo pake kuti Sitela analowa m'tchalitchi Misa itayamba kale, mkwati atatsala pang'ono kukomoka poganiza kuti wathawidwa. Bambo mfumu anamuyang'ana Sitela, anayang'ananso banga la tomato pa diresi, n'kuwadalitsa pomalizira penipeni. Ine nthawi imeneyo ndinali ndikukokedwa ndi lole ya mchenga, maliboni akadali pa boneti.

Nditafunsa za batire latsopano, mnzanga uja ananditchulira mtengo woposa umene ndinagulira galimoto yonse. Ndinamupempha kuti abwereze. Anabwereza, ndipo ndinakhala pansi. Ndinamufunsa ngati asidi sangathandize, iye anangodula foni.

Apongozi anga sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Chaka chotsatira, pokonza ukwati wa mlamu wanga wamng'ono, ndinakweza dzanja kuti ndithandize pa zamayendedwe. Iwo anamwetulira mwaulemu.

"Zikomo akamwini. Koma inu takuikani koyang'anira nkhuni."