Pempho Loti a Wyson Alembedwe M'gulu la Mbewa

Kwa Olemekezeka a Nduna Oona za Nkhani Zosangalatsa,

Bwana,

Ndalemba kalatayi chogwada. Ndine Dorica, mkazi wa a Wyson, ndipo timagulitsa mbewa zapandodo m'mphepete mwa msewu waukulu pa Phalula. Galimoto yanu imatidutsa kawirikawiri, ndipo mphepo yake timailandira ndi manja awiri.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mawu anu a pa wailesi. Munati akatswiri a kunja abaya mbewa zodwala chiwindi jakisoni wokonza chibadwa cha m'thupi, chiwindicho n'kuphukiranso, ndipo munati dziko lonse linyadire. Kwathu tinanyadira kuposa onse. Mbewa ndi ife tinadziwana kalekale, komanso a Wyson chiwindi chawo chinawonongeka. Mimba yatupa, maso achita chikasu, khasu lawo lokumbira mbewa lachita dzimbiri pakhonde.

Chachiwiri, ndipepese chifukwa cha umbuli wanga. Mbewa timaitumbula tisanaiphike, zam'kati n'kutayira agalu. Nditamva mawu anu, agalu anayamba kugona ndi njala. Ndinkatola tiziwindi tonse n'kumawakazingira bambowo, poganiza kuti mankhwalawo afika kale m'tchire la kwathu, paja chitukuko chimabwera osagogoda. Iwo ankadya osadandaula. Anandiwongolera ndi adokotala, atamaliza kuseka. Akuti mbewa zochirazo ndi zoyera, zimagona m'nyumba yamagetsi, ndipo zimayezedwa tsiku lililonse. Akuti anthu tidikire kaye zaka zingapo.

Chachitatu, ndithokoze zipatala ziwiri zomwe tapitako, china mbali ya Balaka, china mbali ya Machinga kufupi ndi kwa achimwene awo. Makina ounikira m'mimba akupuma konsekonse, ndipo nzoona, wantchito aliyense amafunika kupuma. Panado ndiye amatipatsa mosaumira. Tayerekeza wa uku ndi wa uko, kuwawa kwake n'kumodzi.

Ndili ndi mantha, bwana. Amunawa ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana, ndipo sindikuona kuti afika nyengo yokolola.

Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho nali pempho langa. Makina sindikupempha ayi, ndikudziwa kuti muli ndi misonkhano yambiri. Ndikungopempha kuti muwalembe a Wyson m'gulu la mbewa. Ndi munthu wofatsa, saluma, gaga amadya, jakisoni saopa, ndipo miyendo yaonda moti kakhola kakang'ono akwanamo. Makhalidwe a mbewa amawadziwa bwino, sangakuchititseni manyazi pamaso pa alendo. Kuyera kokha ndiye sangakwanitse, koma amenewo ndi mavuto oti ofesi yanu ikhoza kukambirana.

Zikakanika, musavutike kubwera kumaliro, mafuta adula. Mudzangolengezanso pa wailesi kuti mbewa zija zikupezabe bwino. Ife tidzamvera kusiwa komweko.

Ine wanu wosayenera kukutayitsani nthawi,

Dorica,
amene pakadali pano ndikadali mkazi wa a Wyson,
Phalula, Balaka.