Tsiku Lomwe Ndinatsetsereka ndi Munda wa Che Amidu

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Ndirande pali amayi ena amandikuwiza kuti "Napolo!" Mlanduwu si wanga ndekha ayi, theka ndi la mzungu.

Nthawi imeneyo (ija yoti khadi la chipani umasamba nalo) ndinkasesa pabwalo pa mzungu wina ku Sunnyside. Pakhoma pake panali timatabwa tiwiri titalititali. Akuti kwawo amatimanga kumapazi n'kumatsetsereka m'mapiri okutidwa ndi chipale chofewa, chija amati sinoo. Anandiuzanso kuti chipalecho chimagumuka n'kukwirira anthu, ndiye wanzeru amayamba wakumba kadzenje, aone ngati chapamwamba chagwirana ndi chapansi. Kungomva zimenezo, ine basi katswiri wa Blantyre yense.

Ndiye mvula inagwa masiku atatu, lachinayi matalala, phiri la Ndirande kuyera mbuu. Ndinati mwayi suposa apa. Ndinkafuna Asiyatu, mwana wa Che Amidu okhoma zidebe, koma mtsikanayo ankandiyang'ana ngati nsikidzi. Munda wa bambo ake unali m'phiri momwemo, potsetsereka penipeni.

Ndinazula matabwa awiri pabafa la alandilodi (analibe ntchito, ankangotchinga anthu), kutola malegeni omangira, ulendo. Ndinawapeza awiriwo akuyendera chimanga chong'ambidwa ndi matalala.

"Pepani ndi matalalawa, bambo. Ndingodutsako pang'ono."

"Mudutsa pa chiyani? Pabafa?" anatero Asiyatu.

Che Amidu anandilozera mng'alu kumtunda kwa munda. "Mwanawe, dothi ili lakhuta madzi, ndipo pansi pake ndi thanthwe. Ifenso tikuyenda m'mbali."

Ndinaseka chamumtima. Wokhoma zidebe andiphunzitse ine za mapiri? Ndinabwereka khasu lawo, kukumba pamng'alu pomwepo, kupisa dzanja, kununkhiza, kugwedeza mutu chizungu.

"Zagwirana bwinobwino. Izi n'zasayansi, bambo."

"Sayansi ya osesa masamba," anatero Asiyatu.

Ndinamanga matabwa aja kumapazi, kuima njo. Osasuntha. Kudzikankha ndi phesi, ayi ndithu. Ndiye ndinadumpha, kamodzi, kawiri. Kachitatu pansi panalira ngati mimba ya munthu wodya nandolo wosapsa.

Abale, amene anatsetsereka si ine, ndi munda. Mizere, chimanga, maungu, matalala, zonse ulendo, ine pakati ngati kondakitala, ndikuitana mayi anga a ku Nsanje m'Chisena chomwe ndinkanama kuti ndinaiwala. Tinayenda mamailosi asanu (Asiyatu amati mayadi makumi awiri, koma masamu sawadziwa) mpaka tinakagunda chimbudzi cha eni ake kumunsi. Mpanda wa udzu unagwa. Munali bambo wina. Tinayang'anana, iye chonjuta, ine matope m'khosi.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" ndinatero.

Atandifukula, thalauza linatsalira m'matope momwemo. Che Amidu sanakalipe n'komwe.

"Munda wanga uli kumunsi kuno. Muubwezere kumtunda."

Ndinasenza dothi mpaka chimanga cha anthu ena chinauma. Asiyatu ankabwera tsiku ndi tsiku, osati ndi chakudya ayi, ndi anzake, kudzandiloza. Kenako anakwatiwa ndi telala wa ku Chilomoni, munthu woti ngakhale chulu sanakwerepo.

Ndinaphunzirapo kanthu ndithu: zoterezi osachitira m'munda mwa apongozi. Phiri la Soche lili apo, ndipo kumeneko sandidziwa.