Aphunzitsi Kuang ndi Chifuwa cha Madala Pu

Mumzinda wonse wa Yangzhou munalibe munthu woopa chifuwa cha mnzake ngati malemu Aphunzitsi Kuang a ku yunivesite. Madala Pu, okamba nthano m'nyumba ya tiyi ya kumsika, akangoti kho, a Kuang ankadzambatuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

Sikuti anali amisala. A Pu ndiwo okha anatsala odziwa nthano ya mtsikana wosaka munthu amene anapha bambo ake, nthano yosalembedwa paliponse. A Kuang anaijambula mawu kuyambira tsitsi lili bii mpaka imvi mbuu, buku lawo likungodikira mathero. Tsoka lake, a Pu anali katswiri wozengereza. Mtsikana uja akagwira lupanga nyengo yotentha, chisanu chinkagwa asanalisolole.

"Madala, lero amupha?" ankafunsa a Kuang.

"Amuphe bwanji asanamange nsapato?" Kenako kathabwa kawo kotsekera nthano patebulo, pha! "Mawa."

Basi a Kuang anasanduka namwino. Fodya kuwalanda, nkhumba yonona kuwachotsera pakamwa, kuwathamangira ndi mpango mumsewu.

"Ine ndikatsokomola mumangokweza wailesi," anadandaula akazi a Aphunzitsi Kuang.

"Iwe ukudziwa mathero?"

A Pu atagonekedwa m'chipatala, a Kuang mtima unathawa. Munthu wamkulu, wophunzira, anagwada pambali pa bedi misozi ili chuchuchu.

"Madala, moyo wanga wonse ndathera pa nthano imeneyi. Ndinong'onezeni mathero okha, chonde!"

"Ndikakuuzani, mawa mubwera?"

"Ndibwera!"

"Bodza. Senderani ndilavule."

A Pu anachira bwinobwino. Amene anagwa ndi a Kuang, tsiku lina masana pampando wawo wakutsogolo m'nyumba ya tiyi muja, botolo la mankhwala a mnzawo lili m'manja. Zinatipweteka tonse.

Maliro atatha, a Pu anakhala patebulo pawo, nayang'ana mpando uja nthawi yaitali. Kenako anamaliza nthano yonse masana amodzi, mothamanga. Panalibe wojambula. Anthu ankangotafuna nthangala za mavwende, ena akuwodzera. A Pu anaika kathabwa m'thumba, ndipo sanakambenso nthano mpaka imfa yawo.

Masiku ano m'nyumba ya tiyi muja mwangoti zii, tiyi amazizirira m'makapu. Ukafunsa amene analipo tsiku lija ngati mtsikana uja anamupha mdani wake, ena amati anamupha, ena amati anamukhululukira.