Mbava za Soya Wamtali

Mapulani anapsa pa mowa wa kabanga, kuseri kwa msika wa ku Lioma. Wolongosola anali Custódio, yemwe anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anapalirako kamodzi kumunda wa kafukufuku. Mkuluyu anali pachikamwini, ndipo apongozi ake aakazi anali ataneneratu kuti akapanda kubweretsa mbewu ya soya yooneka chaka chino, anyamule mphasa yake azipita. Mantha anali nawo ndithu, kungoti kabanga anawaphimba.

"Amangwetu, mkati mwa waya muja muli soya wofika m'chiuno," anatero. "Mbewu ya mabwana! Ndikadzala ameneyo, apongozi azindipatsa moni atagwada."

"Nanga wamfupi uja, wa makoko thothotho?" anafunsa Belarmino, wotchedwa Padiri poti ankayamba wapemphera asanabe.

"Aise, unaonapo kuti munthu wamfupi atasenza thumba lalikulu? Ameneyo ngopinimbira."

Amisse, wachitatu wawo, anali wamfupi. Anangomwa.

Lamlungu dzuwa lili paliwombo, mlonda atapita kumpira, anadula waya. Soya wamtaliyo anamupeza atagona pansi, makoko apa ndi apo.

"Walemedwa ndi zokolola," anatero Injiniya.

Anadumpha mizere ya wamfupi, nazula wamtali yekhayekha, n'kumanga mitolo panjinga. Sanapite patali. Thee! Padiri anadziponya pa udzu.

"Akuwombera, Injiniya! Ndafa ine!"

Thee! Thee! Anali makoko akuthetheka ndi dzuwa. Koma ndani akanacheuka? Atatuwo anapalasa chamtima bii, mitolo ikuwawombera kumsana njira yonse. Atafika kwa apongozi anapuntha mapesi aja, ndipo soya amene anatuluka sanadzaze n'chipewa cha Amisse chomwe.

Sabata yomweyo kunagwa mvula yamawawa yochokera kuphiri. Posakhalitsa njira inabiriwira: kamzere ka soya kuyambira pa waya wodulidwa, kukhota pamjigo, kulambalala tchalitchi, mpaka pakhomo pa apongozi. Wapolisi sanafunse munthu. Anangoyenda manja ali kumbuyo, akutsatidwa ndi Mayi Otília, katswiri wopanga mitundu yatsopano ya soya kumunda kuja.

Mayiwo anayang'ana mapesi amene anali pakhonde.

"Mtundu umenewu timati tiutenthe," anatero. "Umatalika, umagwa, umabereka pang'ono, pang'onopo n'kumwaza. Wamfupi munaudumphawo ndiye wabwino. Tiugawa kwa alimi mwezi wamawa, ulere."

Custódio analakalaka apongozi atakhala kuti ali kudimba, koma anali pakhomo pomwepo, mphasa yake atayikulunga kale. Mwaulemu wonse, apongoziwo sanamuyang'ane mkamwini kumaso. Mphasayo anaipereka kwa wapolisi.

"Bwana, musamumenye," anatero. "Chibwerereni pamudzi pano, soya wake woyamba kumera bwino ndi ameneyu. Mukadzamutulutsa, akalime kumsewu komweko."