Nkhalamba Siyenda Chimanjamanja

Lolemba
Foni iwe, gwira mawu angawa, ine cholembera sindichidziwa. Loweruka mdzukulu wanga Rudo akukwatiwa, ndipo ndikufuna kukavina choimirira, osati pampando ngati thumba la fetereza. Asista a kukiliniki akuti mawondo amafuna kuyenda m'mawa uliwonse, kuchoka pakomboni pathu, pomwe timakhala anthu a pafamu, mpaka kudamu n'kubwerako. Matenesi a malemu amuna anga ndawapeza. Ngaakulu, ndatsekeramo nsanza. Lero ndangowayesa basi.

Lachiwiri
Ndanyamuka mame asanaume. Kufika pamabhani oumitsira fodya, a Banda aimitsa tirakita yawo. Akuti wamwalira ndani? Pafamu pano nkhalamba ikamayenda m'mamawa chimanjamanja, ndiye kuti yasenza uthenga wa maliro. Ndikuti palibe, ndikungoyenda. Andiyang'ana mwachifundo, andikweza, andibweza mpaka pakhomo. Ulemu wa mwana wa eni ndiukane bwanji? Komatu tirakita imakoma, kamphepo kake!

Lachitatu
Ndachenjera. Ndatenga ndowa kuti ndizioneka wopita kuntchito. Nyumba yachiwiri yomweyi, mai Tendai andilanda.
"Kwete, ayi ndithu, gogo, ife tilipo!"
Andikhazika pamkeka. Mahewu, mbatata, mtedza wophika, nkhani za apongozi awo. Ndowa yapita kudamu, yabwerako yodzaza. Yalimbitsa thupi lero ndi ndowa.

Lachinayi
Ndazembera kanjira ka kuseri kwa mabulugamu, kopanda nyumba, kopanda wondichitira ulemu. Ndikuyenda bwinobwino, kanyimbo pakamwa. Ndaiwala kuti zilombo za gule zimatulukira kumeneko. Ndingoti maso gwa, ichi! Nthenga kumutu, matope thupi lonse. Mkazi saima pamenepo. Ndathamanga! Ine, amene podzuka pamkeka ndimaitana makolo onse a ku Dedza! Tenesi imodzi yavuka, sindicheuka. Chilombo chili pambuyo, chikulira ndi timawu take tating'ono, ine liwiro kuwonjeza. Ndafika ndadzitsekera. Potsegula masana, tenesi ija ili pakhomo, yopukutidwa bwino. Kani chimandithamangira kuti chindipatse.

Lachisanu
Mawondo atupa ngati maungu. Asista anati kuyenda, zothamanga sanatchule. Komboni yonse yabwera kudzandizonda, koma kwenikweni kudzaseka. A Banda akuti fumbi analiona ali kumunda, amayesa ng'ombe zathyola khola. Nanenso ndikuseka, nthiti kupweteka. Mai Tendai akundithowa ndi madzi otentha. Kuima ndayesa. Zakanika.

Loweruka
Kutchalitchi pa tirakita, kumadyerero pampando wapulasitiki. Thumba la fetereza lija ndine. Ng'oma zayamba, anzanga fumbi kobo, ine mapewa okha, misozi ili pafupi. Ndingoona Rudo ndi diresi lake loyera akukoka mpando, wakhala pambali panga.
"Gogo, inu munathamanga kale. Tivine chokhala."
Mkwati naye wakoka wake. Abusanso akoka wawo. Mai Tendai mpando wathyoka, akuvinira pansi pomwepo. Mapewa, khosi, nthungululu mpaka mawu kusasa!

Lamulungu
Matenesi ndawabwezera kunsi kwa bedi. Kuno anthu ngaulemu kwambiri, nkhalamba singalimbe mawondo. Asista akafunsa ndiwauza zoona: ndowa inayenda, ine ndinathamanga, ukwati unavinidwa. A Banda akuti mawa adutsa pano ndi tirakita, mwina ndingafune kukaona damu. Ndawauza asachedwe.