Khadi Lachikasu la Abusa Mwale

Lolemba

Mwayi wagwa! A Mutua, aphunzitsi a zamasewero pakoleji pathu pano ku Madaraka, kuno ku Kenya, andisankha kuti ndiyimbire mpira wa Loweruka. Timu yathu ikukumana ndi ya koleji ya ubusa ya ku Lavington. Woyimbira weniweni wapita kumaliro kwawo, ndipo ine bondo langa lovulala lija silikundilola kumenya mpira, koma kuthamanga pang'ono ndingathe.

Aku Lavington avomera msanga chifukwa goloboyi wawo wanena kuti akundidziwa, ndine mwana wakumudzi, Mmalawi mnzake. Goloboyi ameneyo ndi Abusa Mwale: imvi m'mutu, mimba patsogolo, adabwera kuno kudzawonjezera maphunziro. Chachikulu n'chakuti ndi amalume ake a Tiyamike. Inde, Tiyamike yemwe uja wophunzira unamwino, amene ndakhala ndikumuperekeza pa siteji ya matatu, maminibasi a kuno, Lamulungu lililonse chiyambire chaka chino. Mawu anga ndidaponya kale. Yankho lake ndi limodzi: "Amalume ayambe akuonani kuti ndinu munthu wotani."

Ndiye Loweruka andiona!

Pulani:
- kuloweza malamulo onse
- kugula wezulo
- kuyimbira mwachilungamo, osayang'ana nkhope
- Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, kupempha tsiku lokawaona Abusa ngati munthu wofuna mbeta

Lachiwiri

Wezulo ndayipeza ku Hurlingham. Kuno amati firimbi. Ndayiyesa m'sitolo momwemo, mlonda walowa akuthamanga ndi chibonga. Ikulira bwino.

Makhadi kulibe. Lachikasu ndadula pa katoni ya masamba a tiyi, lofiira pa chikuto cha fayilo ya notsi.

A Mutua andibwereka buku la malamulo, ndipo m'menemo muli lamulo latsopano lomwe likusokoneza anthu mitu. Akuti mnzake akamubwezera mpira ndi phazi, goloboyi asaugwire ndi manja. Akabweza ndi mutu, agwire. Ndi chifuwa, agwire. Ndi bondo, agwire. Ndi phazi koma mwangozi, agwire. Ndi phazi mwadala, ayi. Ndiye ine ndiziona bwanji mumtima mwa munthu ali pa liwiro?

Yusufu, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, ndiye kaputeni wa timu yathu. Wamvetsera zonsezi akudya mandazi, kenako akuti, "Nanga akabweza ndi msongolo?" Ndasanthula buku lonse. Za msongolo mulibe.

Lachitatu

Ndikuyeserera kuonetsa khadi pa galasi. Buku likuti dzanja limodzi, m'mwamba, nkhope yolimba.

Pali vuto. Dzanja lamanja likangotulutsa khadi, lamanzere likubwera lokha kudzagwira pamkono, ngati ndikupereka madzi akumwa kwa alendo. Mawondo nawo akufuna kupindika. Ndayesa kakhumi. Ndikamaganiza kuti kutsogoloku kuli Yusufu, zikuyenda. Ndikangoganiza za imvi, manja awiri!

Amayi adandilera bwino mopitirira muyezo.

Ndapeza nzeru: dzanja lamanzere ndiziliika m'thumba la kabudula.

Lachinayi

A Mutua akuti ndiyesere pa anyamata athu. Mphindi makumi atatu zokha, koma ndatuluka ngati ndalima munda wa mwini.

Zomwe zachitika:
- Otieno, wotchinga kumbuyo, wagwada pansi n'kukankhira mpira kwa goloboyi ndi bondo, akundiyang'ana akuseka. Ndayimba. Otieno akuti bondo si phazi. A Mutua akuti n'zoona si phazi, koma ndi chinyengo, ndiye ndayimba bwino pa chifukwa cholakwika.
- Ndapereka penate pamene pamafunika firikiki ya dzanja m'mwamba, ija yosamenya molunjika kugolo.
- Ndakweza dzanja n'kuiwala kulitsitsa. Mpira wafika tsidya lina ine ndikuthamangabe ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho.
- Za ofusayidi ndisalembe n'komwe.

Yusufu akundilimbitsa mtima: "Achimwene, chimodzi chokha. Abusa aja mpira wobweza amautola ngati dzira. Mukangoona, imbani."

Ndiimba. Lamulo ndi lamulo.

Lachisanu

Tiyamike watumiza uthenga kuti Abusa akundiitana ku tiyi masana. Ndakwera matatu awiri, kotsalako ndayenda wapansi, poti ku Lavington aliyense ali ndi galimoto yake. Panjira ndakonza mawu: ndiwafotokozera lamulo latsopanoli mwaulemu lero, kuti mawa pasakhale manyazi.

Andilandira ndi manja awiri. "A refa afika! Khalani apa, a refa." Tiyamike wabweretsa tiyi, wagwada, wabwerera kukhitchini osandiyang'ana.

Kenako Abusa ayamba mbiri. Akuti adayamba kugwira pagolo ine ndisanabadwe, opanda magolovesi, opanda nsapato. Akuti mpira wa masiku ano wachuluka malamulo ngati chipatala. Ndati polowera ndi pomwepa! Ndatsegula kamwa. Iwo andisunthira mbale ya mbatata. Munthu wamkulu akuyankhula, iwe n'kumudula ndi nkhani ya phazi? Ndadya mbatata zinayi.

Potsanzikana akuti, "Mawa tikaone chilungamo, mwanangu."

Lamulo sindinalitchule. Palibe kanthu, wezulo ikayankhula yokha.

Loweruka

Ndilembe zonse, mwina mtima ungatsike.

Bwalo ladzaza. Tiyamike wakhala pansi pa mtengo kuseri kwa golo la amalume ake, wavala diresi yobiriwira. Abusa ayamba ndi pemphero, apempherera matimu onse, apempherera ndi woyimbira yemwe kuti Ambuye amupatse mtima wofatsa.

Mphindi khumi zisanathe, wotchinga kumbuyo wawo wabweza mpira ndi phazi, mwadala, poyera. Abusa autola, aukumbatira, andiyang'ana, amwetulira. Wezulo ili pakamwa. Mpweya wakana kutuluka! Ndati mwina unali msongolo.

Kachiwiri, phazi lenileni, ngakhale wakhungu akadaona. Anthu akukuwa m'Chiswahili kuti nditsegule maso, "Refa, fungua macho!" Yusufu wagwira m'mutu. Ine ndawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato.

Kachitatu Abusa autola, aumenya kutali, mnyamata wawo wautsatira, chigoli! Chimodzi kwa duu. Otieno wandiuza mawu a Chiswahili omwe sindinawamve onse, koma mayi anga anatchulidwamo.

Popuma a Mutua akuti, "Bwana, wezulo ija mudagula kuti muzidzikongoletsa nayo?"

Kwatsala mphindi zochepa. Yusufu wadutsa onse, watsala ndi Abusa okha. Abusa atuluka m'bokosi, amugwira kabudula, amukoka mpaka pansi. Bwalo lonse laona zomwe Yusufu amavala mkati. Buku likuti apa ndi khadi lofiira, palibe kukambirana.

Ndayimba! Ndayimbadi, mpaka mbalame zauluka mumtengo wa Tiyamike.

Ndikuyenda kupita kwa Abusa. Dzanja lapita m'thumba kukatenga lofiira, latuluka ndi lachikasu. Chabwino, ndati bola pamenepo. Koma nditafika pafupi ndaona imvi zija zili ndi thukuta, munthu wamkulu akupuma movutika. Dzanja lamanzere latuluka m'thumba lokha. Mawondo apindika. Ndapezeka ndawerama, khadi lili m'manja awiri, ndikuwapatsira ngati envulopu ya chopereka.

Abusa apukuta manja pajezi, alilandira ndi manja awiri nawonso. "Zikomo, mwanangu." Aliyang'ana mbali zonse, alilowetsa m'sokosi, abwerera pagolo.

Aku Kenya agwa pansi ndi phwete. Amalawi onse angoti zii, chifukwa aliyense akudziwa kuti akadakhala iye akadachita chimodzimodzi. Kuwalanda sindingathe. Ungapise m'sokosi ya m'busa?

Mpira wathera pomwepo, taluza. A Mutua atenga buku lawo, apita. Yusufu wadya yekha, wasuntha bedi lake kuyang'anitsa kukhoma.

Komabe ulemu wanga Abusa auona ndi maso awo. Mwina sizinaipe kwenikweni.

Lamulungu

Zaipa.

Mapemphero a Amalawi, Abusa Mwale ndiwo akulalikira. Atsegula Baibulo, ndipo pamene asungira tsamba pali khadi langa, dzina la tiyi likuonekera kuseri. Mutu wa ulaliki: Pilato, woweruza amene adaona chilungamo koma adaopa anthu. Sanatchule dzina langa. Sikunafunike, mpingo wonse unatembenuka wokha.

Titatuluka ndalimba mtima, ndawayandikira. Ndati, "Abusa, pepani, pali lamulo latsopano la mpira wobweza lomwe ndimafuna kukuuzani Lachisanu."

Akuti, "Ndikulidziwa bwino, adatiphunzitsa chaka chatha. Koyamba kaja ndinangoiwala. Kachiwiri ndi kachitatu ndinaona kuti wezulo ilibe mwini wake." Andisisita paphewa, apita kukapereka moni kwa amayi a chigwirizano.

Za tsiku lokawaona kunyumba sindinafunse. Yankho labwera ndi Tiyamike, pageti.

"Amalume akuti ulemu muli nawo, wosefukira. Koma akuti munthu wolephera kuletsa m'busa kuba mpira masana, pakhomo pake adzaletsa ndani?"

Ndati ndimawalemekeza chifukwa cha iye. Wandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ndipo n'zimene zandipweteka kwambiri.

"Ndikudziwa. Koma ine ndinali kuseri kwa golo, ndimangodikira kuti muyimbe. Lero musavutike kundiperekeza."

Ndamuona akuwoloka msewu yekha, matatu aima, wakwera. Ndabwerera ku Madaraka wapansi, ndipo mtima ukuwawa kuposa bondo.

Zomwe ndatsala nazo:
- wezulo yomwe yalira bwino kamodzi
- fayilo ya notsi yopanda chikuto
- Yusufu, amene wandiyankhula mawu awiri: "Tsekani chitseko."
- khadi lofiira, latsopano, losagwirapo ntchito

Ndaima nalo pa galasi paja. Ndamuyang'ana bwinobwino mnyamata ali m'menemo, ndamuonetsa. Dzanja limodzi, m'mwamba, mawondo ali chilili.